Kobiri m'Mimba mwa Benzi

Benzi ya a Gideon Fachi, tcheyamani wa chipani m'boma lonse la Nsanje, inadwala Lachinayi m'mawa, ndipo inasankha malo oipa odwalira. Galimoto yaulemu ikanakana kulira idakali m'galaja, mbiri n'kuthera pakhomo pompo. Koma iyo inalira, inatuluka pageti ikutsokomola, n'kukafika pabwalo la msika pamene amayi a chipani ankayeserera gule. Pamenepo inanjenjemera ngati munthu wamalungo, inawafukiza amayi aja utsi woyera wowawa m'maso, kenako inazima, dzanja la a Tcheya lidakali pawindo kupereka moni. Mayi wina anaseka. Anyamata a malaya ofiira anamufunafuna, koma amayi onse makumi asanu anali atavala kale nkhope ya pamaliro.

Anyamata aja anamupeza Sebastiano Zuze ali pansi pa lole ya mmwenye wina, n'kumukoka miyendo popanda moni. Anali makaniko wa zaka makumi asanu ndi zinayi, munthu yekhayo kuyambira ku Chiromo mpaka ku Marka amene injini za dizilo zinkamumvera. Anabadwira kutsidya kwa Shire, ku dziko la Apwitikizi, n'kuwoloka ali wamng'ono pamsana pa amake. Injini zikamalira bwino palibe ankakumbukira zimenezi. Tsiku limeneli anyamata aja anazikumbukira asanafike n'komwe pamsewu.

Galimoto inali itakankhidwa kubwerera kwawo. A Tcheya anaima pambali pake atavala suti yakuda ya zidutswa zitatu, m'mwezi wa Okutobala, nthawi imene ku Nsanje ngakhale abuluzi amayenda mofulumira kuopa kupsa mapazi. Thukuta linkawatsika m'khosi koma batani silinamasulidwe ngakhale limodzi. Anayankhula nthawi yaitali, akudzitchula okha kuti Tcheyamani, ngati akunena munthu wina wolemekezeka amene wangotuluka pang'ono. Mutu wa nkhani unali wakuti galimoto yachijeremani siidwala yokha, kuti Sebastiano ndiye anaigwira komaliza masabata awiri apitawo, ndiponso kuti mawa lake kunali msonkhano waukulu ku Blantyre, kumene mpando wopanda munthu umaoneka msanga kuposa mpando wokhala munthu.

“Ikamakwana thu koloko ndikufuna zinthu ziwiri,” anatero a Tcheya. “Galimoto yolira, ndi dzina la amene wachita zimenezi. Dzina likasowa usavutike. Lako ndalemba kale.”

Mmodzi mwa anyamata aja ananena, akuyang'ana kumwamba, kuti ng'ona za mu Shire chaka chino zanenepa bwino. Palibe anamufunsa.

A Tcheya anamusiyira Sebastiano wapolisi womulondera, Sajeni Symon Khembo, munthu wowonda wosayankhulayankhula, amene mabatani a yunifolomu yake ankawala kuposa chinthu china chilichonse cha boma m'dera lonselo. Sajeni anakhala pachitsa, n'kutsegula kabuku kake pabondo. Nthawi inali itangopitirira naini.

*

Pabwalo ponse anali atagamula kale kuti m'thanki mwathiridwa shuga. Ku Nsanje galimoto ya munthu wamkulu ikafa amati ndi shuga, yamunthu wamba ikafa amati ndi umphawi. Sebastiano anatsegula kanati ka pansi pa thanki, anatunga dizilo m'botolo loyera n'kuliyang'anitsa padzuwa. Munalibe madzi, munalibe mchenga. Anaviika chala n'kulawa. Dizilo yekhayekha. Sefa inali yoyera monga anaiikira yekha. Anapopa kapampu ka pamanja kuti atulutse mpweya m'mapaipi, koma mpweya munalibe. Zinthu zophweka zonse, zimene zikanamubwezera kunyumba masana asanakwane, zinatha chimodzichimodzi ngati mtedza wa alendo.

Anauza dalaivala kuti alize injini. Inalira monyinyirika, ikugogoda ngati munthu wosula khasu, galimoto yonse ikugwedezeka. Sebastiano anatseka maso n'kumvetsera. Mwa pakamwa panayi pa injiniyo, patatu pankagwira ntchito, pamodzi pokha pankajomba.

Sajeni anafunsa chimene ankamva, ndipo Sebastiano, amene mantha ankamuyankhulitsa, anafotokoza. Injini iyi inali ndi mainjekita anayi. Kunsonga kwa iliyonse kuli kachitsulo kotchedwa nozo, kamene ntchito yake ndi kuwaza dizilo ngati nkhungu, monga uchitira mpope wopopera thonje. Nozo ikayamba kudontha m'malo mowaza, dizilo sapsa, amangotuluka ngati utsi woyera uja unadalitsa amayi pamsika. Njira yopezera yodwalayo ndi kumasula nati ya paipi imodziimodzi injini ikulira. Ukamasula ya injekita yamoyo, injini imatsimphina kwambiri. Ukamasula ya yakufa, palibe chisintha, chifukwa inali chete kale.

“Kupolisi timatero kumene,” anatero Sajeni, n'kulemba kanthu.

Yoyamba, injini inatsimphina. Yachiwiri chimodzimodzi. Atafika pa yachitatu dzanja lake linaima lokha. Manati ena onse anali atakutidwa ndi fumbi lamafuta la mumsewu wa Bangula, koma iyi inali yopukutidwa, ndipo m'mbali mwake munali zipsera zatsopano za sipanala. Anaimasula. Injini inapitiriza kugogoda ngati palibe chachitika.

Anazimitsa, anachotsa paipi, n'kuzula injekita yachitatu. Nozo yake inali yakuda, yadzimbiri m'mphepete, ndipo pambali pake panali timadontho titatu tokhomedwa ndi msomali. Timadonthoto ankatidziwa, chifukwa anatikhoma yekha, chaka chatha, pa injini ina imene sinali ya galimoto. Anapinda kawaya n'kukalowetsa m'bowo kuti akole washa, kamkombero kamkuwa kamene kamakhala pansi pa injekita kutseka mpweya. Kanatuluka n'kugwera m'dzanja lake.

Mbali imodzi inali yosalala. Atakatembenuza, anaona theka la njovu itaimirira ndi miyendo iwiri.

Anafumbata dzanja msanga. Atacheuka anapeza Sajeni akusongola pensulo yake ndi lumo, mosamala kwambiri.

*

Mawasha amkuwa sankatsika phiri. Ankathera m'masitolo a ku Limbe, ndipo makaniko wa kuchigwa akafuna imodzi ankadikira sitima ya Lachisanu kapena kugwiritsa ntchito mutu wake. Sebastiano anatulukira kalekale kuti kobiri lakale la nthawi ya chitaganya cha atsamunda, lija loboola pakati, la njovu ziwiri, limakhala washa yabwino. Umakuza bowo, umapala m'mphepete ndi tupa, umaliwotcha pambaula mpaka lifiire, n'kuliponya m'madzi kuti lifewe. Koma panali lamulo limodzi limene iye sankaliphwanya: upale mbali zonse ziwiri mpaka njovu ndi zilembo zitheretu. Masiku amenewo chinthu chilichonse chokumbutsa chitaganya chinkatha kumutengera munthu kumene anthu sabwerako ndi mano onse. Mphunzitsi wina wa kwa Tengani anatengedwa chifukwa cha mapu akale amene anatsekera zenera losweka.

Luso limeneli anaphunzitsa munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo anali ndi vuto la phuma. Nthawi zonse ankapala mbali imodzi n'kunena kuti inayo palibe adzaione. Anali Damiano, mwamuna wa mwana wake Priska, woyendetsa boti la injini limene linkatuta mpunga wa a Tcheya ku madimba. Nozo ya timadontho titatu inali ya botilo, ndipo botilo linali litafa mwezi wathunthu chifukwa cha nozo yomweyo. Sebastiano sanamuone Damiano kuyambira Lamulungu. Priska anati wapita ku Chiromo kukafunafuna zitsulo, ndipo ponena zimenezi ankayang'ana m'mphika.

Dzina tsopano anali nalo. Linali m'thumba la ovololo, likumuwotcha ntchafu.

Kuti apeze nthawi yoganiza, anamangirira injekita ija kunja kwa injini, n'kuuza dalaivala apukuse. M'malo mwa nkhungu munatuluka madontho awiri aulesi, ngati nkhalamba ili kuseri kwa mtengo. Sajeni anavomereza ndi mutu kuti wodwala wapezeka, n'kufunsa ngati nozo imatha kufika pamenepo yokha. Sebastiano anayankha kuti zimatheka, komabe anafuna kudziwa mmene galimoto inakhalira masiku apitawo, monga achitira dokotala. Sajeni anati palibe choipa, iyenso ankafuna kumva.

Dalaivala, Paison, anayamba kulumbira asanafunsidwe. Analumbirira amake, mbuzi zake ndi mwana wake wakhanda, akusakaniza Chisena ndi Chimang'anja mmene mantha amamutengera. Galimoto inabwera kuchokera ku Bangula Lolemba ikuyenda ngati madzi. Anaitsuka, anaitsekera m'galaja, makiyi n'kupereka m'manja mwa bwana. Lachiwiri m'mawa bwana anakwera sitima kupita ku Makhanga kukaona za makadi a chipani, ndipo anati abwera Lachisanu m'mawa kuti anyamuke ulendo wa ku Blantyre, koma uthenga unawapeza komweko kuti msonkhano wafulumizidwa, n'kutulukira Lachitatu madzulo. Iye Paison boneti saitsegula, amaiopa ngati manda.

“Nkhabe, mbuya, ine ndi chiwongolero basi. Lachiwiri n'komwe kunalibe ine pano. Mayi anandituma pa njinga kwa Ndamera kukasiya mchere kwa amayi awo. Mchere, mbuya, dzuwa lija. Ngati kwa Ndamera kulibe golosale.”

Sajeni analemba. Sebastiano ankaona pensulo ija ikuyenda ndipo ankamva ngati ikuyenda pamsana pake.

Mlonda, a Augustino, anawadzutsa m'khumbi kuseri kwa nkhokwe. Anali nkhalamba imene inamenya nkhondo ku Burma, ndipo kuyambira pamenepo sinayankhulenso ndi munthu aliyense itakhala pansi. Inaima njo, chidendene ku chidendene, n'kupereka lipoti. Ntchito imayamba sikisi madzulo, imatha sikisi m'mawa. Mdani sanalowe Lolemba, sanalowe Lachiwiri, sanalowe Lachitatu. Galu wa anthu oyandikana nawo analowa kawiri n'kubwezedwa. Za masana a Augustino anati si dera lawo, ndipo Sebastiano anamvetsa kuti munthu wanzeru wofuna kuba ku Nsanje sadikira mdima. Amabwera dzuwa lili paliwombo, boma lonse litagona pansi pa mitengo pakamwa pali yasa.

Akanathera pomwepo zikanakhala bwino, koma msilikali sasiya lipoti pakati. Lachiwiri madzulo, pofika pantchito, anapeza mbaula kuseri kwa galaja, makala adakali ofunda, pambali pake chitini cha madzi okhala ndi timamba takuda pansi. Anakanena kwa Mayi monga mwa dongosolo. Mayi anati ataye zonse ndipo asavutitse nazo bwana. Madzi anataya, koma chitini msilikali sataya. Ankamweramo tiyi, ndipo anali wokonzeka kukachitenga ngati boma likuchifuna.

“Mbaula ndi madzi,” anatero Sajeni, osadzutsa mutu. “Inu a Zuze, pantchito yanu mbaula ndi madzi zimakumana pati?”

Sebastiano anati zimakumana pa tiyi. Sajeni analemba liwu limodzi lalifupi. Belu la kutchalitchi linalira thwelofu.

*

Mayi Clotilda, akazi a a Tcheya, anali kuseri kwa nyumba akupeta mpunga. Pofika pangodya Sajeni anapeza kuti chingwe cha nsapato yake chamasuka, ndipo chinali chingwe chovuta kwambiri, chifukwa Sebastiano anafika yekha.

Ananjuta, anapereka moni, n'kutulutsa kobiri lija pang'ono chabe, ngati munthu woonetsa chilonda. Mayiwo analiyang'ana, lichero silinaleke kuyenda. Anali mayi wonenepa wodekha, wa mawu otsika, amene zaka makumi awiri za ukwati zinamuphunzitsa kuyankhula milomo isakugwedezeka.

Anafotokoza mwachidule. Mng'ono wawo Emelia anakwatiwa ku mpingo uja woletsedwa, wa anthu okana kugula makadi a chipani. Nyumba yawo kwa Ndamera inatenthedwa sabata yatha. Emeliayo, mwamuna wake, ana asanu ndi mabanja ena atatu anakhala masiku asanu ndi limodzi m'bango, udzudzu ukuwadya, mwana wamng'ono akutsegula m'mimba. Mabwato onse a padooko anali atamangidwa ndi unyolo mwa lamulo la a Tcheya eni ake, kuti anthu otere asawoloke. Chinthu chokhacho chimene sichinamangidwe chinali boti la Damiano, poti aliyense ankadziwa kuti ndi lakufa, ndipo chakufa sachilondera. Kiyi ina ya galaja inkakhala m'chikwama chawo cha kolona. Damiano anati awawolotsa, nozo ya Benzi ikwana m'botilo, angobwereka tsiku limodzi, Lachitatu madzulo abweza, bwana asanabwere.

“Bwana anafulumira, iye anachedwa,” anatero Mayi Clotilda. “Mpaka pano sindinamve kanthu. Kaya anafika, kaya asilikali a kutsidya anawaona, sindikudziwa.”

Sebastiano anafunsa chimene iye achite.

“Ine sindikupemphani kanthu, Baba Zuze. Mukatchula mkamwini wanu, adzamumenya mpaka atchule ine. Akatchula ine, mwamuna wanga watha, koma asanathe adzayamba wathana ndi inu ndi Priska wanu. Mukapanda kutchula, mupita nokha. Ine ndawerenga mbali zonse usiku wathunthu, yabwino sindinaipeze.” Anaulutsa mankhusu. “Mwina inu a zitsulo mumaona zina.”

Pobwerera anapeza chingwe cha Sajeni chitangotha kumangika.

*

Panatsala maola osakwana awiri, ndipo dzina kapena popanda dzina, galimoto inayenera kulira. Nozo ina kunalibe. Yomwe inalipo ndi yakufayo, imene iye mwini anaigamula mwezi wapitawo kuti siingauke.

Anayala nsalu yoyera pamthunzi, anamasula injekita, n'kuviika nozo m'parafini. M'kati mwake mumayenda kasingano kosalala, kamene kayenera kutsetsereka kokha ukapendeketsa. Aka kanali katakakamira. Anakagwedeza pang'onopang'ono mpaka kanatuluka, kali ndi mzere wa dzimbiri la madzi a mumtsinje. Anachotsa mwaye ndi kamtengo kofewa, anatokosa kabowo ndi kawaya kamkuwa kochokera mu nthambo yamagetsi. Chitsulo cholimba sichikhudza pamenepo, ukangokanda kamodzi wataya.

Chinatsala n'kusalaza singano kuti ikhale bwino pampando wake, ndipo mankhwala osalazira anatha chaka chatha. Anayesa kuganiza za phulusa, koma phulusa ndi lokhakhala. Akadali chiganizire, kachitini kakang'ono kanatera pansalu pafupi ndi bondo lake. Anali mankhwala opukutira mabatani.

“Ndi a boma,” anatero Sajeni. “Musamalize.”

Anapaka kadontho kunsonga kwa singano, n'kumaizungulitsa ndi zala, kutsuka, kuyang'ana, kupakanso. Ntchentche zinkamutera m'maso osazipirikitsa. Anyamata a malaya ofiira anali atasendera pafupi, mmodzi akusenda nzimbe ndi chikwanje chachikulu kuposa ntchitoyo. Itakwana hafu pasiti wani singano inatsetsereka yokha. Anamanga zonse, anamangirira injekita kunja monga poyamba, n'kuuza Paison, amene anafuna kuyesa ndi chala, kuti dizilo wa pamenepo amaboola khungu ngati jakisoni. Paison anapukusa injini. Nozo inalira ngati kambalame, n'kutulutsa nkhungu. Sinali nkhungu yokongola, inkapendekera mbali imodzi, koma inali nkhungu.

Tsopano inafunika washa. Anakhuthula bokosi lake lonse pansalu, ngakhale ankadziwa kale zimene zinalimo. Washa yeniyeni ya Benzi inali itaphwanyika m'manja mwa Damiano kapena inali pamtsinje pamodzi ndi boti. M'boma lonse la Nsanje, washa yokwana pabowo limenelo inali imodzi, ndipo inali ndi theka la njovu.

Anakhala akuyang'ana zitsulo zakezo, ndipo m'mutu mwake munabwera mwambi uja wakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anauzungulitsa monga anachitira ndi singano ija. Chitseko cha nyumba yaikulu chinatseguka.

*

A Tcheya anatuluka atawonjezera chipewa ndi ndodo. Anaima pamaso pa Sebastiano, anayang'ana wotchi yawo motalika kuti onse aione, n'kunena kuti Tcheyamani akudikira.

Sebastiano anapempha mwaulemu kuti anyamata asendere kutali pang'ono, chifukwa chimene wapeza ndi cha maso a akuluakulu okha. Mawu amenewa anawakomera a Tcheya. Anakweza ndodo, anyamata n'kupita kugeti. Anatsala atatu pansi pa boneti.

Sebastiano anatambasula dzanja. A Tcheya anavala magalasi, anatola kobiri lija, analitembenuza. Anaona njovu. Anawerenga zilembo zotsala m'mphepete, zimene zinali zokwanira kutchula dzina la chitaganya.

Sebastiano anafotokoza akuyang'ana pansi, m'mawu a munthu wonena za mvula. Chinthuchi anachipeza pansi pa injekita yachitatu, m'kati mwenimweni mwa injini. Iye pokonza galimotoyi ankangosintha oyilo ndi sefa, kumeneko anali asanafikeko. Mwina anachiika ndi mzungu wa kuesiteti uja anawagulitsa galimotoyi pothawa ufulu. Ngati zili choncho, ndiye kuti chakhala mmenemo zaka zisanu ndi zitatu, ndipo chapita nawo kumisonkhano yonse, chaima pamzere ndi galimoto za nduna, mbendera ya chipani ikupepera pamwamba pake.

Bodza limeneli linali lopyapyala ngati chikopa cha anyezi, ndipo munthu mmodzi pamenepo anali ndi kabuku kodzaza ndi mbaula, mchere ndi chitini. Sebastiano anamva Sajeni akutsegula tsamba. Anayang'ana nyerere imene inkadutsa pa nsapato yake, n'kuganiza za Priska.

“Bwana Tcheya,” anatero Sajeni, “lipoti la nkhani ngati iyi limapita kulikulu pamodzi ndi umboni wake. Ndilembe kuti chapezeka m'galimoto yanu, kapena m'galimoto ya Tcheyamani? Ndipo pafunika mboni yosayina. Ndingaitane achiwiri anu, ali pafupi.”

Achiwiri awo anali munthu amene kwa zaka zitatu ankayeza mpando wa a Tcheya ndi maso. A Fachi anavula chipewa. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo batani la pakhosi linamasulidwa. Iwo ndiwo anasayina kalata ya mphunzitsi wa mapu uja, ndipo ankadziwa bwino kuti kulikulu safunsa kuti chinthu chinalowa bwanji. Amangofunsa kuti chapezeka kwa yani.

Ananena kuti lipoti silofunika, popeza Tcheyamani waifufuza yekha nkhaniyi ndipo waipeza kuti ndi dzimbiri chabe. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati pansi pa mainjekita atatu enawo palinso zotere.

“Titsegule tione, bwana?” anafunsa Sebastiano.

“Ayi.”

Analamula kuti chinthucho chikaponyedwe mu Shire nthawi yomweyo, pakati penipeni. Sebastiano anavomera kuti ndi maganizo abwino. Anangowonjezera kuti popanda washa injekita ipumira m'mbali, galimoto siingapitirire kwa Tengani, ndipo washa ina ili ku Limbe. Sitima yobweretsa katundu ndi ya mawa.

Kugeti chikwanje chinkamveka chikudula nzimbe. A Tcheya anayang'ana wotchi, ulendo uno mobisa. Anayang'ana kobiri, anayang'ana msewu wopita kumpoto. Sajeni Khembo anali atapeza chinthu chochititsa chidwi pamwamba pa mtengo wa nimu, ndipo anachiyang'anitsitsa ndi mtima wonse.

A Tcheya anaika kobiri m'dzanja la Sebastiano, n'kulifumbatitsa ndi dzanja lawo lonyowa.

“Bwezera,” ananong'ona. “Njovu iyang'ane pansi.”

*

Injini inalira pakamwa panayi. Utsi woyera unatuluka pang'ono n'kutha. A Tcheya anamanganso batani, anaitana anyamata, n'kuwauza kuti mdani anali dzimbiri lotsalira la atsamunda, ndipo lagonjetsedwa pansi pa utsogoleri wawo. Anyamata anawomba m'manja, ngakhale wa nzimbe uja ankaoneka ngati munthu amene walandidwa ndiwo pakamwa.

Sebastiano anali akulongedza masipanala pamene a Tcheya ananena kuti makaniko akwera nawo mpaka ku Blantyre, pamodzi ndi bokosi lake. Munthu wodziwa chinsinsi cha Tcheyamani ayenera kukhala pamene Tcheyamani akumuona.

Sajeni anabwera kudzatenga kachitini kake. Anakatsegula, anaona kuti mwatsala, anakatseka.

“Kobiri logona pamoto zaka zisanu ndi zitatu siliwala m'mphepete, a Zuze,” anatero motsitsa, akuyang'ana mabatani ake. “Komanso padooko pakusowa boti kuyambira dzulo m'mawa. Sindinalembe, pensulo yanga imathyokathyoka. Koma galimotoyi ikakafera pa phiri la Chikwawa, adzaitsegula ndi anthu ena. Awo ali ndi mapensulo abwino.”

Anamuika Sebastiano kutsogolo pambali pa Paison, bokosi pamiyendo. Mayi Clotilda anaima pakhonde atagwira lichero lopanda kanthu. Nozo yosalazidwa ndi mankhwala a mabatani imatha kuyenda mamailosi mazana awiri, imathanso kuyenda makumi awiri, ndipo Blantyre anali pa mamailosi opitirira zana, kuseri kwa phiri limene limaliza injini zatsopano.

Atangotuluka m'boma, pamene msewu umayandikira mtsinje, a Tcheya anatsitsa galasi kuti apereke moni kwa anthu amene akanatha kukhalapo. Mphepo yotentha inalowa, ndipo pamodzi nayo panalowa kaphokoso kochokera kumunsi, kuseri kwa bango. Kanali kainjini kakang'ono kakukwera mtsinje, kakugunda mofanana bwino, kosaphonya ngakhale kamodzi. Sebastiano anagwiritsa bokosi lake. Paison anayang'ana msewu ngati anauumba yekha.

“Kodi si boti la mkamwini wako limenelo?” anafunsa a Tcheya. “Ndimayesa linafa.”

“Lachira, bwana. Amaliyesa kuti likatute mpunga wanu.”

A Tcheya anapendeketsa mutu, anamvetsera kanthawi ngati katswiri, kenako anagwedeza mutu mokhutira.

“Injini yabwino imeneyo,” anatero. “Ikulira ngati Benzi.”

Anakweza galasi, anatsamira, ndipo posakhalitsa anayamba kuwodzera. Sebastiano sanayang'anenso kumtsinje. Anatseka maso, anatchera khutu pansi pa boneti, n'kuyamba kuwerenga: yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Pa yachitatu paliponse ankasiya kupuma.